Ndinakawatenga Asanadule Jakaranda

Lolemba m'mawa, ndikupita kukagula buledi, ndinapeza mtengo wa jakaranda wa pa kona ya ku kiliniki ataulemba mtanda wofiira. Penti inali isanaume. Inkatsika pang'onopang'ono m'ming'alu ya khungwa, ndipo nyerere zimene zinkakwera mtengowo zinali zitamatirira momwemo, zina zikuphuphabe.

Ndinaima pomwepo. Za buledi ndinaiwala.

Inu a kuno ku Nketa, m'dziko la Andebele lino, mtengowu mukuudziwa. Kwa inu a ku Emakhandeni ndi kwina amene mumawerenga tsamba lino, ndifotokoze. Ndi mtengo wakale, wonenepa moti munthu sangaukumbatire. Unakhazikika pakati penipeni pa pevumenti, kanjira ka simenti ka oyenda pansi ka m'mbali mwa msewu waukulu. Mizu yake inatukula masilabu. Ena anasweka, ena anaimirira ngati ziliza. Mbali ina kuli mpanda wa nyumba ya eni ake, mbali inayo kuli msewu, mmene makombi, maminibasi a kuno, amathamanga ngati akuthawa moto. Wa miyendo yabwino amangodumpha n'kumapita. Koma wa ndodo, wa njinga ya olumala, kapena mayi wokankha kangolo ka mwana, alibe kuchitira mwina. Amatsikira mumsewu, n'kuzungulira mtengowo, n'kukakwerera kutsogolo.

Pansi pa mtengo umenewu ndi pamene amuna anga, a Mbewe, anamwalirira chaka chatha, nyengo yotentha ngati ino, maluwa akuyoyoka.

Sitiroko itawagwira, mbali ya kumanzere inafooka. Ankayendera ndodo yachitsulo imene labala yake ya kunsi inatha kalekale, moti akamabwera tinkawamvera patali. Ndodo inkati ngwe, kenako phazi lofooka lija khwee. Ngwe, khwee. Muzu waukulu wa pamtengopo anaupatsa dzina loti Phiri la Dedza. Ankati, "Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi mpaka kudzafika ku migodi kuno. Ine mwana wawo ndikulephera kamuzu."

Mu layini mwathu muli mayi wina wosoka zovala, dzina lake Sibongile. Amayendera njinga ya olumala chiyambire ngozi ya basi imene inamupeza ali mtsikana. Masiku okatenga mankhwala ankapitira limodzi ndi a Mbewe. Iwo ankakoleka ndodo kumbuyo kwa njinga n'kugwira zogwirira zake. Ankamuuza kuti, "Mwanawe, iwe ndiwe ndodo yanga, ine ndine injini yako." Akafika pa jakaranda ankatsikira mumsewu onse. Kutsika sikuvuta. Chovuta ndi kukwereranso pobwerera kunyumba, chifukwa pamenepo madzi a mvula anadya phula n'kusiya kakhwawa, ndipo matayala aang'ono a kutsogolo amatitimiramo. Apo a Mbewe ankatsamiritsa chifuwa pa njinga n'kukankha ndi dzanja lawo labwino, uku akutukwana chapansipansi.

Tsiku limenelo Sibongile anali ndi mayunifolomu a sukulu oti amalize, ndiye iwo anapita okha. Anapezeka atakhala pa muzu uja, atatsamira thunthu, chipewa chili kumutu, ndodo ili pamiyendo. Anthu ankadutsa n'kumawapatsa moni wa Chindebele wopatsa agogo. "Salibonani, khulu." Osayankha. Ankaganiza kuti nkhalamba yatopa. Amene anazindikira ndi mayi wogulitsa tomato pafupi pomwepo. Akuti anaona maluwa akuunjikana pa chipewa ndi pamapewa, munthu osasansa.

Kaya anapunthwa n'kukhala pansi, kaya anangofuna kupuma mtima n'kuima, palibe amene anaona. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene layini yonse inakanganira sabata ino.

Lachiwiri masana anthu anasonkhana pansi pa mtengo womwewo. Zinamveka kuti odula abwera Lachinayi, kaamba ka madandaulo amene Sibongile ndi anzake olumala akhala akupereka ku maofesi. A Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, amene amasoka nsapato mumthunzi umenewo, ndiwo ankatsogolera okana. Panalinso amayi a tomato, ndi aphunzitsi ena amene anafotokoza bwino kuti mtengo wotere ukagwa, wina kuti adzakule chonchi tonsefe tidzakhala titapita. Sanalakwe. Amene mumadikira kombi pa dzuwa la Okutobala mukudziwa kuti mthunzi kuno si wa manyado, ndi mankhwala.

A Gondwe atandiona anakweza mawu. "Mayi Mbewe, tayankhulani inu. Apa ndi pamene mbale wathu anadzapumira mwamtendere. Ali pompano. Mulola kuti makina adzasokoneze malo ano?"

Sibongile anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Baba Gondwe, musabisale kumbuyo kwa wakufa. Mukulirira mthunzi wa nsapato zanu. Khulu sanadzapume, muzu wanuwu unawagwetsa."

"Unalipo iwe?"

"Nanga inu munalipo? Si paja munali ku maliro a eni ake, kukalondola fungo la nyama?"

Anthu anaseka. A Gondwe anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ndiye layini yonse ipse ndi dzuwa chifukwa cha matayala ako?"

"Matayala angawa ndiyo miyendo yanga. Mawa mudzayale nsapato zanu pakati pa msewu, pamene ndimadutsa inepo, tione ngati mungafike masana."

Kenako onse anatembenukira kwa ine. Awa akufuna ndinene kuti amuna anga anakhala pansi mwa kufuna kwawo. Awo akufuna ndinene kuti anagwa. Munthu amene pamene anali moyo palibe anamuthandiza kudumpha muzu, lero aliyense akumufuna ku mbali yake. Kodi wakufa ndi mbendera, yoti aliyense azikupiza?

Sindinatenge mbali. Ena anati ndi chisoni. Chifukwa chenicheni ndichinene pano.

Chaka chonsechi, ndikamadutsa pamtengo paja masana, phokoso la msewu likangodukiza, ndimamva ndodo. Ngwe, khwee. Si usiku, si m'maloto ayi. Dzuwa lili paliwombo, amayi a tomato akuthamangitsa ntchentche. Imayambira ku mbali ya kiliniki, imafika pa muzu uja, n'kuima. Sipitirira. Ndikatembenuka ndimangoona maluwa ali pansi. Sindinauzeko munthu, ngakhale mwana wanga Esinati amene ali ku Joni, chifukwa akanati amayi ayamba kusokonekera, abwere kuno. Komatu ndinaona kuti pa muzu umenewo palibe amene amakhalapo, chonsecho ndi mpando wabwino. Ngakhale a Gondwe anasunthira benchi yawo ku mbali inayo ya thunthu. Afunseni chifukwa chake.

Pochokera ku msonkhano ndinayenda ndi a MaNdlovu, oyandikana nawo nyumba, Mndebele weniweni amene takhala naye kuyambira tonse tili ndi mano. Tili m'njira anandigwira mkono.

"Makhelwane, neba wanga, amuna anu munawatenga pamtengo paja?"

Ndinati, "Mukufunsa chiyani? Munalipo. Tinawatenga, tinawaimbira, tinakawaika."

"Limenelo ndi thupi. Ine ndikufunsa iwowo."

Ndiye anandifotokozera. Kwa iwo, munthu akafera panjira, abale amapita ndi kanthambi ka mtengo waminga umene amautcha umphafa, ife timati kankhande. Amamuitana ndi dzina pamalo pamene anagwera, n'kumuuza kuti tiyeni kunyumba. Wonyamula kanthambiko amamuuza njira yonse, pokhota, powoloka, polowa. Sayang'ana kumbuyo, ndipo sayankha wamoyo aliyense mpaka atalowa pakhomo.

"Inu aManyasa mumanyamula bokosi n'kusiya munthu," anatero. "Nthawi ya maliro ndinkafuna kunena, koma abusa anu anali ambiri kuposa mipando. Tsopano Lachinayi akudula. Mtengo uja ndiwo adiresi yawo. Ukagwa mudzawafunsira kuti?"

Abale anga ochokera kumudzi, tiyeni tiuzane zoona. Ife kuno ndife ana a matchona. Makolo athu anabwera ndi mabulangete ndi nyimbo za ku tchalitchi, miyambo yambiri inatsala m'njira. Wina akamwalira timameta, timapemphera, timasonkha. Zina zonse timangoonera kwa eni dziko. Apongozi anga anafera mu mgodi, ndipo palibe anapita kukawaitana, kaya kuno kaya ku Dedza. A Mbewe ankakonda kunena moseka kuti, "Mtundu wathu suchingamiridwa." Ndinkaseka nawo. Lachiwiri lija mawu amenewa sanandiseketse.

Lachitatu m'mawa ndinamva matayala pageti. Anali Sibongile. Anakana tiyi, anakana kulowa. Ankangopotokola kansalu m'manja.

"Mama, dzulo ndinalankhula mwamwano za khulu. Uxolo, pepani."

Ndinati palibe mlandu.

"Ndili ndi nkhani ina. Musandiseke. Paja pa kakhwawa, pamene ndimakwerera pobwera kunyumba, khulu ali moyo ndi amene ankandikankha. Chimwalirire iwo ndimadutsa ndekha. Koma mama, sindinatitimirepo ndi tsiku limodzi. Ndikangofika, njinga imapepuka. Imapita chokhotera kumanzere, ngati wokankhayo ali ndi dzanja limodzi."

Ndinakhala pa sitepe.

"Ndiye bwanji ukufuna audule?" ndinafunsa.

"Chifukwa sindikufuna kukankhidwa ndi munthu wakufa, mama. Ndikufuna njira."

Mawu amenewo ndi amene anandiimiritsa. Ndinapita kwa a MaNdlovu n'kuwauza kuti akandipezere kankhande.

Nkhani sigona mu layini. Madzulo a Gondwe anafika, Baibulo lili m'khwapa. "Mayi Mbewe, ndamva zachilendo. Mkhristu wa yunifolomu, ndi kanthambi ka minga? Mbale wathu ali m'manja mwa Ambuye."

Ndinati, "Dzulo pamaso pa anthu munati ali pompano pamtengo. Lero ali m'manja mwa Ambuye. Wasamuka liti?"

Kenako anati, "Kunali kuyankhula chabe."

Ndinati, "Nanenso ndikupita kukayankhula chabe."

Sindikunyoza mpingo wanga. Ndinapemphera ndisananyamuke, ndipo Lamulungu mudzandipeza pa benchi yanga. Koma munthu amene unagona naye mphasa imodzi mpaka imvi, ukamva kuti mwina waima panjira akudikira, ungayambe wafunsa kaye kuti mwambowu ndi wa mtundu wanji?

Lachinayi tinafika pamtengo dzuwa litakwera ndithu. Lole ya odula inali itafika kale, amuna a maovololo akutsitsa zingwe ndi macheka a injini. A MaNdlovu anakayankhula ndi kapitawo wawo. Munthuyo anangoona kanthambi m'manja mwanga, anavula chipewa, n'kuuza anzake kuti azimitse zonse. Sanafunse funso. Kuno aliyense amakadziwa kanthambi kameneka, kupatula ife.

A MaNdlovu anandinong'oneza, "Muwayankhule m'Chinyanja chanu, chimene anakufunsirani nacho. M'Chindebele akhoza kuganiza kuti ndi apolisi."

Ndinagwada pa muzu uja. Maluwa anali ponseponse, akuphulika pansi pa maondo. Ndinagunditsa kanthambi pamene anatsamira.

"A Mbewe. Bambo a Esinati. Ndine Nabanda, mkazi wanu. Ndachedwa, pepani, sindinkadziwa. Mtengowu akuudula lero. Dzukani, tiyeni kunyumba."

Mphepo kunalibe. Koma maluwa anayoyoka kamodzi, ambiri, pa muzu pokhapo, ngati munthu waimirira n'kusansa jekete.

Kanthambiko ndi kakang'ono, kotalika ngati mkono. Pokadzutsa kanalemera ngati ndowa ya madzi.

Ndinatembenukira kunyumba. "Phiri la Dedza simukwera, ndikudziwa. Titsikire mumsewu. Samalani, kombi ikubwera. Yadutsa. Tiyeni."

Kumbuyo kwanga: ngwe, khwee.

Sindikukuuzani kuti mukhulupirire. Ine sukulu ndinalekera panjira, zambiri sindizidziwa. Ndikungolemba zimene makutu anga anamva, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali yakaliyakali.

"Apa ndi pa kakhwawa paja. Kwezani mwendo. Takwera. Tili pa pevumenti."

Tinayenda pang'ono. Ndinkadziwa kuti a MaNdlovu akutitsatira chapatali, ndipo ndinamva matayala a Sibongile akutsikira mumsewu, nayenso akutiperekeza. Kenako kunamveka hutala, yaitali, yosaleka. Matayala a galimoto analira pa phula. Amayi a tomato anakuwa, "Maye! Sibongile!"

Khosi langa linayamba kutembenuka lokha. Ndinaligwira ndi mphamvu zonse. Ukayang'ana kumbuyo, a MaNdlovu anati, munthu amabwerera pamene anali, ndipo pamenepo macheka akudikira. Ndinaima njo, maso ali pa mpanda wa kutsogolo.

Pomwepo kanthambi kanapepuka. Kanangokhala kanthambi.

Ndipo ndinamva ndodo ikubwerera. Ngwe ngwe ngwe ngwe, mothamanga, liwiro limene a Mbewe sanayendepo chiwagwirire sitiroko.

Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Kumbuyo anthu ankasokosera, kondakitala wa kombi akutukwana, wina akulira. Mayi wina anandigwedeza phewa. "Gogo, simukumva? Mnzanu uko!" Sindinamuyankhe. Anandiyang'ana kumaso, anaona kanthambi, anachotsa dzanja lake msanga n'kubwerera chafutambuyo.

Ndinangoti, "A Mbewe, ndaima. Ndikukudikirani. Musakhalenso pansi."

Zii.

"Bambo a Esinati, ndati ndikukudikirani."

Ndiye chapatali, pang'onopang'ono, motopa: ngwe. Khwee. Ngwe. Khwee. Inafika pambuyo panga penipeni n'kuima. Dzanja langa linatsika ndi kulemera.

"Tiyeni," ndinatero.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yanga ya sabata ino. Njira ya kuchoka pamtengo paja kufika kwathu ndaiyenda kuyambira nyumbazi zili zatsopano. Ndinkati ndimaidziwa. Koma sindinayiyendepo ndikuuza munthu wa mwendo umodzi chilichonse chimene chili kutsogolo kwake.

"Apa aimika galimoto pa pevumenti, akuitsuka. Titsikirenso mumsewu."

"Takwera. Samalani, pali dzenje la ngalande, chivindikiro anaba. Dutsani chakumanja."

"Apa a nyumba iyi athira mchenga ndi njerwa, akuwonjezera chipinda. Mumsewu."

"Apa pali mbaula ya owotcha chimanga. Apa chikwangwani cha tchalitchi chatsopano chija. Apa wina wakumba kuti alumikize paipi, sanakwirire. Mumsewunso, bambo. Pepani."

Mawu oti mumsewu ndinawanena mpaka kukamwa kunauma. Ndinachita manyazi ngati njirayo ndinaiwononga ndine. Ndipo ndinaganiza kuti, munthuyu ankadutsa muno yekha, ndi dzanja limodzi, n'kufika kunyumba akuseka za Phiri la Dedza. Zinazi bwanji sankazitchula? Kapena ankatchula, ine ndili kalikiliki ndi zanga?

Tinafika. "Ili ndi geti lanu, lija munkati mudzalikonza. Iyi ndi sitepe. Lowani." Galu wathu, amene amathamangira aliyense, anadzuka pakhomo mwakachetechete n'kupatuka, mchira uli pansi, maso akutsatira chinthu chimene chinkadutsa pamwamba pa mutu wake. Ndinaika kanthambi pa mpando wawo. Kanapepuka. Chapatali macheka anayamba kulira.

Apo m'pamene ndinathamangira panja.

Sibongile anali pageti ndi a MaNdlovu, fumbi lili thupi lonse, chigongono chikutuluka magazi. Wamoyo. Akuti matayala anatitimira pa kakhwawa paja, koyamba chaka chonse. Anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo. Kombi inkabwera ikupikisana ndi inzake. Anthu onse anali kutali.

"Ndinatsinzina, mama," anatero. "Kenako wina anandikankha mwamphamvu mpaka ndinakagwera pa pevumenti, njinga ili pamwamba panga. Ndipo ndinamva kutukwana. M'Chinyanja."

A MaNdlovu anati iwo anaona njinga ikudumpha yokha. A Gondwe akuti Sibongile ali ndi mikono ya mphamvu chifukwa cha makina osokera, ndipo mantha amapatsa munthu nyonga. Mwina. Sankhani nokha.

Lachisanu ndinapita kukaona. Mtengo palibe. Kona yonse yangoti mbee, ngati nyumba yosasula denga. Amayi a tomato afunda maambulera. A Gondwe akhala m'mbali mwa mpanda, katoni ili pamutu, ndipo sanandipatse moni.

Koma chitsa chilipo. Chachikulu ngati tebulo, chofika m'maondo, pakati penipeni pa pevumenti. Mizu ili momwe inalili. Masilabu akadali chiimire ngati ziliza. Ndinafunsa mmodzi mwa amene ankatola nthambi zotsala kuti chitsachi achotsa liti. Anati iwo anatumidwa kudula. Kuzula ndi kwa ena, kukonza simenti ndi kwa enanso. Liti? Anakweza mapewa.

Ndiye taonani pamene tafika. Mthunzi wapita, njira sinabwere. A Gondwe aluza, Sibongile sanapambane. Tinakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana, ngati nkhani inali ya kusankha pakati pa mtengo ndi munthu. Chonsecho pa njira yonse ija, pa zonse zimene ndinawauza amuna anga kuti azilambalale, ndi mtengo wokha umene unalembedwa mtanda wofiira. Galimoto yotsukidwa ija ilibe mtanda. Mchenga ulibe. Dzenje lilibe. Chifukwa chiyani? Chifukwa zimenezo zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi ifeyo, ndipo timayankha. Mtengo suyankha.

Sindikuti mtengo uja unalibe mlandu. Unali nawo, ndipo ine ndikuudziwa kuposa nonsenu. Koma amene mumalamula kuti mitengo idulidwe, mukatuma macheka muzitumanso khasu ndi simenti tsiku lomwelo, ndi kamtengo kena koti kabzalidwe pamalo posatseka njira. Mukalephera zimenezo, mwina kunali bwino kukulitsa kanjirako kuti kazungulire mtengo, munthu n'kudutsa mumthunzi. Ndipo inu a mchenga, inu a galimoto, inu amene munanyamula chivindikiro cha ngalande kukagulitsa kwa ogula zitsulo, dziwani kuti sitiroko sigogoda. A Mbewe nawonso ankadumpha muzu uja akuimba mluzu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikanakhala ndi mphamvu, aliyense wofuna kuyankhula pa misonkhano ya mitengo ndikanayamba ndamupatsa kanthambi, ayende kuchoka ku kiliniki mpaka kwawo akuuza wina njira mokweza. Abwere atiuze kuti mawu oti mumsewu wawanena kangati.

Ndili chiimire pa chitsapo ndinamva matayala. Sibongile ankachokera kokamangitsa chigongono chake. Anafika pa chitsa, anachiyang'ana. Anayang'ana makombi, anadikira mpata, n'kutsikira mumsewu monga mwa masiku onse. Anazungulira. Anafika pa kakhwawa paja. Matayala anatitimira.

Anadikira. Ndinamuona akudikira, mutu utapendekera pang'ono kumbuyo, ngati akumvetsera.

Kunalibe ngwe. Kunalibe khwee. Munthu amene ankamukankha ndinamutenga ine, ali pa mpando wake kunyumba, ndipo Lamulungu tikatuluka ku tchalitchi ndikamuperekeza kumanda kuti akapume.

Pa kona ponse panali anthu. Odikira kombi, ogula tomato, achinyamata a mafoni m'manja. Onse a manja awiriawiri. Ndinatsikira mumsewu ndi maondo anga okalambawa, ndinagwira zogwirira zija, ndinatsamiritsa chifuwa n'kukankha. Njingayo ndi yolemera, abale. Sindinkadziwa kuti ndi yolemera chonchi.

Titakwera, Sibongile anati osatembenuka, "Inu mumakankha mowongoka, mama. Khulu ankakhotetsa."

Ine sindikhala pa kona paja tsiku lililonse. Ndipo wakufa wagwira ntchito ya amoyo kwa chaka chathunthu, popanda womuthokoza, mpaka watopa. Ndiye ndikufunseni inu amene mumadutsa pamenepo ndi miyendo yanu yonse: sabata yamawa matayala aja akadzatitimiranso, kombi ikubwera, mukudikira kuti afenso ndani kuti azimukankha?